Mchere m'ndakatulo za ku Nsipe

Anzanga olemba, sabata ino ndawerenganso ndakatulo zomwe tinalemba titataya a Saulos Chilima pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024. Zina zikundikhudzabe. Zambiri, kunena zoona, zinazilala msanga. Tiyeni tione chifukwa chake.

Mkwiyo unalipo ndithu, sunali wopeka. Tikukumbuka usiku wa pa 16 June, thupi lawo likupita kwawo ku Nsipe, anthu atatseka msewu ku Ntcheu, miyala ikuuluka, anthu anayi n'kufa atagundidwa ndi galimoto. Mlakatuli wolemba ngati zonse zili bwino akananama. Koma ambirife tinasandutsa cholembera kukhala mwala winanso. Ndime iliyonse mfiti, agalu, anthu a mtundu wakutiwakuti. Chotsanimo zotukwanazo muone chotsala. Mayi wamasiye mulibe, ana mulibe, ngakhale mafunso enieni okhudza ngoziyo mulibe.

Pa Aefeso 4:29, Paulo akupereka muyeso womwe ungathandize mlembi aliyense, wopemphera kaya wosapemphera: kodi mawu akowo akumanga womvayo? Pa Akolose 4:6 akuyerekeza mawu abwino ndi chakudya chokoleretsedwa ndi mchere. Taonani, sakunena shuga ayi. Mchere umaluma ukafika pachilonda, koma nyama siwola ikathiridwa mchere.

Chitsanzo tili nacho pakhomo. Pa 8 March 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Inakamba za malipiro ochepa, za kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, za mantha omwe anatseka anthu pakamwa. Sinatukwane a Kamuzu ngakhale pamzere umodzi, komabe boma linanjenjemera mpaka kuiletsa. Pa 14 June 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Mphamvu ya kalatayo inali pa kutchula zinthu ndi maina ake, osati kupatsa anthu maina onyoza.

Mwina wina anena kuti ulemu ndi chida cha olamulira chotsekera anthu pakamwa. Nthawi zina zimaterodi, ndipo mlaliki wongoti "khululukani" osafunsa chilungamo nayenso walephera. Koma chitukwano chimapeputsira wolamulira ntchito. Amayankha chitukwanocho, funso lija n'kulisiya.

Ndiye musanatumize ndakatulo yanu yandale pagulu pano, dzifunseni: mnzanga wa chipani chinacho akaiwerenga, atsala ndi funso lomusowetsa tulo, kapena angopeza mwala woti andibwezere?