MLENDO NDI MAME: Za Maphunziro a Ulembi pa Zikondwerero za Mabuku

Chaka chatha ndinakhala nawo pa chikondwerero china cha mabuku ndi kuwerenga, ndipo monga mwa mwambo wa zikondwerero zotere, panali maphunziro a ulembi. Tinalipo anthu ngati 30 m'chipinda chimodzi, wotiphunzitsa ali mlembi wodziwika wochokera kunja. Anatipatsa mphindi 15 kuti aliyense alembe ndakatulo ya mai ake. Yense wowerenga yake tinamuombera m'manja. Atatha maola awiri tinalandira masatifiketi, tinajambulitsa chithunzi, nkubalalika. Ine ndinabwerera kuno kusukulu ndikudziyesa mlakatuli wakupsa.

Patapita sabata ndinawerenga ndakatulo yomweyo pamaso pa anzanga asanu. Munali mzere wonena kuti mtima wa amai ngwoyera ngati chipale chofewa. Mmodzi anandidula: "Achimwene, chipale chofewacho munachiona kuti? Kwanu ufa sayanika pamphasa?" Ndinapsa mtima, komabe usiku womwewo ndinafafaniza mzerewo nkulemba za ufa uli mbee padzuwa, amai akuingitsa nkhuku. Funso limodzi lija linakonza zimene manja a anthu 30 anazilekerera.

Apa ndiye pagona dandaulo langa. Anthu ongokumana m'mawa, odzasiyana madzulo, sangauzane zoona. Wophunzitsa saafuna kukhumudwitsa omulandira, ophunzira nawo amaopa kuoneka ansanje. Tsono onse amabisala m'kuomba m'manja. Pamenepo cholembedwa chimatuluka m'chipindamo monga momwe chinalowera.

Vuto lina ndi chilankhulo. Tsiku lija mai wina, mphunzitsi wa kupulaimale, analemba m'Chichewa, ndipo anampempha kuti amasulire m'Chingerezi kuti mlendo amve. Mau ngati "zii" ndi "psuu", amene anasenza ndakatulo yonse, anafera m'njira. Mlendo anayamika chigoba, nyama yake osailawa.

Sindikunena kuti misonkhano ya alembi njachabe ai. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mu 1962, pa msonkhano wa alembi ku Makerere, mnyamata wina wa pakoleji pomwepo, amene pambuyo pake anadziwika kuti Ngugi wa Thiong'o, anapatsa Chinua Achebe zolemba zake kuti aziwerenge. Mu 1964 buku lake la Weep Not, Child linatuluka ku Heinemann. Koma taonani bwino: Ngugi anabwera ndi ntchito imene anali ataivutikira kale, ndipo Achebe anapeza nthawi yoiwerenga. Panalibe za mphindi 15. Tisaiwalenso kuti msonkhano womwewo unali wa olemba m'Chingerezi okha, kotero kuti dzina lake lenilenilo linatsekera kunja anthu onga Samuel Ntara, amene Nthondo wake anasindikizidwa mu 1933. Nthenda imene ndinaiona chaka chatha njakale.

Chitsanzo chabwino tili nacho pakhomo pompano. Gulu la alembi la pa Chancellor College linayamba mu 1970, ndipo mwa anthu amene anadzeramo muli Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula ndi Steve Chimombo. Iwo ankakumana sabata ndi sabata. Zolemba ankazitaipa nkuzichulukitsa pa makina kuti aliyense akhale ndi pepala m'manja, ndipo mphunzitsi ndi wophunzira ankatsutsana pa mzere umodzi mopanda kuopana. Zinali m'masiku amene mau ankamangitsa munthu. Mapanje mwini anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Komabe m'gululi munatuluka kabuku ka ndakatulo ka Mau mu 1971, ndipo mu 1981 Mapanje anatulutsa Of Chameleons and Gods. Chinsinsi chao chinali kubwereranso: wodzudzulidwa lero ankakonza, nadzawerenganso sabata ya mawa pamaso pa anthu omwe aja.

Nanga okonza zikondwerero achite chiani? Ine ndikuti aitanitse zolemba mwezi wathunthu tsiku lisanafike, kuti wophunzitsa abwere atawerenga kale. M'chipinda musapitirire anthu 10. Pakhale mabwalo a Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, otsogozedwa ndi anthu amene amamva kukoma kwa zilankhulozo. Ndipo asanatseke, aonetsetse kuti ophunzirawo apangana malo ndi tsiku lodzakumananso okha, pakuti mlendo ndi mame, dzuwa likakwera sumuonanso.

Kwa ife apasukulu pano, pempho langa nlakuti tipite ndithu ku zikondwererozo, tikagule mabuku, tikamve alendo. Koma tikabwerako, tibweretse zolembazo pabwalo lathu lino anzathu azisende. Satifiketi yanga ija ili m'sutikesi pansi pa bedi; ndakatulo ya amai ndikuilemba kachisanu tsopano, ndipo mnzanga uja akuti nkhukuzo zachuluka.