Thumba la Namwali Serpell Litafika ku Kamushanga

Buku la Africa39 ndinaligula kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni ya Kabwe, chikuto chake chitatha kale. Linatuluka mu 2014, ndipo muli zolemba za alembi 39 a mu Africa. Ine ndinkafunamo nthano imodzi yokha: "The Sack" ya Namwali Serpell, mwana wa ku Lusaka.

Dzina la mayiyu linakwera kudzera m'mabuku osonkhanitsa nthano ngati limeneli. "Muzungu" inasankhidwa kulowa mu The Best American Short Stories ya 2009, ndipo mu 2010 inafika pa ndime yomaliza ya mphoto ya Caine. Mu 2015 "The Sack" inapambana mphotoyo, iye n'kugawana ndi anzake anayi ndalama zokwana mapaundi 10,000. Palibe m'Zambia amene anaipatapo iye asanatero.

Kwathu ku Kamushanga bukuli linayenda m'manja mwa anthu asanu. Atatu anabweza ali okhumudwa. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anandiuza mosabisa kuti: "Aphiri, nthano iyi sanalembere ife. Analembera oweruza a ku London." Iwo anakulira pa Poceza M'madzulo ya Julius Chongo pa wailesi, pamene nthano inkayamba pachiyambi n'kukathera kumapeto, ndipo mwana ndi agogo ankaimva limodzi.

Dandaulo lawo lili ndi mutu. Nthanoyi ndi ya amuna awiri okhala m'nyumba imodzi, wina wodwala, wina womusamalira, onse atamangidwa ndi chikumbukiro cha mkazi mmodzi, Naila. Pakati pake pamalowa maloto a thumba lokokedwa, ofotokozedwa chobwerera m'mbuyo. Serpell sakuuza msanga amene akulankhula, ndipo zimene zinadanitsa amunawa amangozikhudza pang'ono. Ine ndinazimvetsa bwino nditawerenga The Old Drift ya 2019, momwe anthu omwewa akupezekanso. Nthano yaifupi yofuna buku lina kuti liimasule yabwereka miyendo. Apa ndiye pofooka pake.

Komabe sindivomera kuti si yathu. Madzulo ena ndinawawerengera aphunzitsi aja mokweza, ndikumasulira m'Chinyanja pang'onopang'ono. Titafika pa mawu achidule a amuna awiriwa, anandiimitsa. Anati anaonapo zotere: munthu kukuphikira nsima, kukusambitsa, mumtima akukuwerengera masiku. Chidani chodyera mbale imodzi timachidziwa m'makomboni mwathu muno. Ngakhale kubwerera m'mbuyo kuja sikwachilendo. Pamaliro timayambira pa imfa, kenaka n'kumafufuza kumene matenda anayambira.

Ndaona kuti vuto lina ndi mmene timawerengera mabuku otere. Timawatenga ngati milu ya tomato pamsika: kugwira uwu, kusiya, kugwira uwo. Nthano yosapsa pa tsamba loyamba timaidumpha. "The Sack" imafuna kuiwerenga kawiri, ndipo pakati pa alembi 39 ndi owerenga ochepa amene amabwerera.

Aphunzitsi aja sanasinthe maganizo onse. Akuti Chongo akanainena bwino koposa, ndipo mwina akunena zoona. Koma bukulo analitenganso, ndipo papita miyezi iwiri asanabweze. Funso limene anandisiyira ndalibweretsa kwa inu alembi a m'magazini ino: ndani adzasonkhanitsa nthano zolimba chotere m'Chinyanja, kuti tisamadikire womasulira?