Manambala Anayi a Pamphuthu ya Chitseko

Mukatsegula chitseko cha pikiapu n'kuyang'ana pamphuthu, chakumunsi kwa pamene chitseko chimakolera, mupeza kachikwangwani kosafika kukula kwa chikhatho. Makampani ena amakabisa mkati mwa boneti. Nthawi zambiri kamakhala katakwiririka ndi fumbi, moti pamafunika kukapukuta ndi chala chonyowa kuti kawerengeke. Pamwamba pake pali dzina la kampani ndi nambala yaitali ya chesisi, ija a Road Traffic amaisuzumira tsiku la COF. Pansi pali mizere inayi. Pa Ford Ranger ya injini ya 3.2, ya zitseko zinayi, yokoka ndi matayala onse, mtundu umene unkapangidwa ku Silverton mumzinda wa Pretoria cha m'ma 2016, manambalawo ndi awa:

3200 kg
6000 kg
1 – 1480 kg
2 – 1850 kg

Mulibe mneni, mulibe chenjezo, mulibe ngakhale mawu onena kuti nambala iyi ndi ya chiyani. Amene analemba ankalembera wapolisi ndi munthu wapasikelo, anthu oti akudziwa kale. Mwini galimoto sanamuganizire kwenikweni. Komatu mwini galimotoyo ndi amene amasankha kalavani yoti amangirire kumbuyo.

Ku Likhubula nkhaniyi si yachilendo. Msewu wa galimoto umathera patsinde pa phiri la Mulanje, ndipo wofuna kukwera ku Chambe kapena ku Lichenya amasiya galimoto pansi n'kuyamba wapansi. Pakati pa alendowa pamakhala ochokera ku South Africa amene akoka kalavani yogonamo ulendo wonse. Pamsewu waukulu wochokera pa Chitakale kupita ku Phalombe mumadutsanso makalavani a mtundu wina: a anyamata obwera ndi katundu wa abale a ku Joni, atamangidwa ndi neti mpaka kutalika kuposa galimoto yomwe ikukoka, ndi ena a simenti, chimanga kapena matabwa. Onsewa mukawafunsa kuti Ranger imakoka zingati, ayankha mosaganiza kawiri kuti matani atatu ndi theka. Sakunama. Nambala ya 3,500 kg ili m'buku la galimotoyo ndiponso m'zotsatsa malonda. Chodabwitsa n'chakuti pakachikwangwani palibepo.

Mzere woyamba, 3200, ndi kulemera konse kumene matayala anayi a pikiapu aloledwa kusenza. Galimotoyo payokha, ili yopanda kanthu, imalemera pafupifupi makilogalamu 2,200. Chotsala ndi 1,000, ndiye kuti matumba 20 a chimanga. Apa ndi pamene anthu ambiri amalekera kuwerenga, n'kumapita akusangalala. Koma mzerewu sukunena za katundu wa kumbuyo yekha. Dalaivala ali momwemo. Mkazi wake ndi ana ali momwemo. Chitsulo cha kutsogolo chotetezera galimoto ikagunda mbuzi, chivundikiro cha kumbuyo, tayala lachiwiri lapadera, zigubu za dizilo, jeke, bokosi la masipanala, zonsezi zimadya pa 1,000 yemweyo. Onyamula katundu a alendo pa Likhubula amawadziwa bwino masamu amenewa: munthu asanavomere chikwama amayamba wachinyamula kaye m'manja, chifukwa akudziwa kuti pamwamba pake pabwera ufa wake, ndiwo ndi bulangete, ndipo msana susiyanitsa cha mlendo ndi chake.

Pikiapu ya matola ikanyamula anthu 15 olemera makilogalamu 65 aliyense yafika kale 975, isanalandire dengu limodzi la zinanazi.  

Mzere wachiwiri ndi umene uli ndi mano. 6000 ndi kulemera kwa zonse pamodzi: pikiapu, kalavani, anthu ndi katundu wa mbali zonse ziwiri. Munthu akaona 3,200 pamzere woyamba ndi 3,500 m'buku, mtima umamuuza kuti aphatikize, apeze 6,700. Kachikwangwani kakukana. Kakuti 6,000, ndipo makilogalamu 700 amene asowawo ayenera kuchotsedwa kwinakwake.

Tiyeni tichotse. Mukamangirira kalavani yolemeradi 3,500, pikiapu yatsala ndi 2,500. Yokha ikulemera 2,200. Zotsala ndi 300: akuluakulu anayi a makilogalamu 75, opanda chikwama, opanda madzi akumwa, kumbuyo kuli mbee. Mukayamba mbali inayo, n'kudzaza pikiapu mpaka 3,200, kalavani singapitirire 2,800. Manambala onse awiri ndi oona, koma si oona tsiku limodzi. Wotsatsa malonda anasankha imodzi yaikulu n'kuiika payokha pachithunzi. Injiniya analemba zinayi n'kusiya kuti wowerenga achite yekha masamu ochotsera. Ine ndimakhulupirira injiniya, ngakhale kuti kulemba kwake n'kouma, chifukwa iye ndi amene anaona giyabokosi ikutentha poyesa galimoto.

Mizere iwiri yomalizayo ili ndi timanambala kutsogolo, 1 ndi 2. Woyamba ndi ekiselo ya kutsogolo, wachiwiri ya kumbuyo. Mukaphatikiza 1,480 ndi 1,850 mupeza 3,330, kuposa 3,200 ya pamwamba paja ndi makilogalamu 130. Si kulakwitsa. Ndi kampata kakang'ono kamene anasiya kuti katundu athe kupendekera kutsogolo kapena kumbuyo pang'ono. Kuchepa kwa kampatako kukutiuza chinthu china: kuti mufike pa 3,200 osaphwanya lamulo la ekiselo, katundu ayenera kugawidwa bwino kwambiri. Pikiapu ya zitseko zinayi ili ndi vuto pamenepa, chifukwa malo ake a katundu ali pamwamba pa ekiselo ya kumbuyo ndipo gawo lalikulu lili kuseri kwake. Mutha kupitirira 1,850 galimoto yonse isanafike 3,200.

Kalavani imalowerera pamzere wachinayi womwewu, ndipo pano ndi pofunika kuchedwapo. Kalavani siimangotsatira kumbuyo. Mphuno yake imatsamira pa kampira kachitsulo ka chokokera, ndipo iyenera kutsamira ndithu, apo ayi imayamba kugwedeza mchira liwiro likakwera, mpaka kukokera galimoto kutchire. Ku Australia amakonda kuti mphuno isenze pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa kalavani. Ku Ulaya amachepetsako. Choncho kalavani ya matani atatu ingaike makilogalamu 300 pakampirako. Kulemera kumeneku kwachoka pa matayala a kalavani n'kukwera pa pikiapu, ndiye kukudya pamzere woyamba. Koma pamzere wachinayi kukudya mowirikiza. Kampira kali kumbuyo kwa ekiselo ndi mita imodzi ndi kanthu, pamene mtunda wa pakati pa ekiselo ziwiri za Ranger ndi mamita 3.22. Galimoto imapendama, ekiselo ya kumbuyo ili pakati: makilogalamu 300 a pakampira amasanduka oposa 400 pa ekiselo ya kumbuyo, ndipo oposa 100 amanyamuka kuchoka kutsogolo.

Zimenezi zimaoneka ndi maso. Imani m'mbali mwa msewu wa Chitakale madzulo, mudikire pikiapu yokoka kalavani yodzaza. Kumbuyo kwakhala pansi, matayala atsala pang'ono kukhudza bodi, ndipo magetsi akutsogolo akuwalitsa nthambi za mitengo m'malo mwa phula. Wanjinga wobwera kutsogolo wathobwa m'maso. Chimene sichioneka ndi chimene dalaivala akumva m'manja: chiwongolero chapepuka, chifukwa matayala amene amakhota, amenenso amagwira kwambiri pomanga mabuleki, sakuponda pansi mokwanira. Nambala ya 1,480 sinaphwanyidwe. Vuto lili mbali inayo, ndipo kachikwangwani kamangotchula malire a pamwamba, sikanena za kupepuka.

Kalavani yopangidwa kufakitale imakhala ndi kachikwangwani kakekake, kawirikawiri pa chitsulo cha kumphuno, konena kulemera kwake ili yopanda kanthu ndi kulemera kwake kothera. Wogulitsa amakonda kutchula nambala yoyambayo. Wogula aziwerenga yachiwiri, chifukwa palibe amene amapita kuphiri ndi kalavani yopanda kanthu. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 150 yawonjezera matumba atatu musanaike gasi, mabatire, mapoto ndi mahema. Makalavani ambiri owotcherera m'tauni alibe cholembedwa chilichonse, ndipo ekiselo yake nthawi zina imakhala yochotsedwa pa galimoto yakufa. Pamenepo palibe chowerenga. Pangotsala sikelo.

Nambala ina yosalembedwa pamphuthu ndi 750. Matani atatu ndi theka aja ndi a kalavani yokhala ndi mabuleki akeake. Yopanda mabuleki malire ake ndi makilogalamu 750, kuphatikizapo kulemera kwa kalavaniyo. Ngati yokha ikulemera 250, mwatsala ndi matumba 10 a simenti. Ku South Africa, kumene makalavani ambiri obwera kuno amayambira ulendo, malamulo apamsewu amawonjezera zina ziwiri. Laisensi ya B imalola kalavani yosapitirira 750 kg, ndipo yoposa apo imafuna EB. Chachiwiri, kalavani ya mabuleki ogwira okha ikamakankha galimoto kumbuyo siyenera kulemera kuposa galimoto yokokayo ili yopanda kanthu. Kwa Ranger yathuyi, 3,500 yatsika kufika cha m'ma 2,200, pokhapokha kalavaniyo itakhala ndi mabuleki olamulidwa ndi dalaivala.

Pali chinthu chimodzi chimene mizere inayiyi siitchula n'komwe, ndicho msewu. Manambalawa anabadwira pabwalo loyesera. Malamulo a ku Ulaya amafuna kuti galimoto ndi kalavani yake zithe kunyamuka kasanu m'mphindi zisanu pamtunda wokwera mamita 12 pa mamita 100 aliwonse. Ku America amayesa magalimoto okoka pamtunda wautali wa Davis Dam ku Arizona, kunja kukutentha. Ndi mayeso ovuta ndithu, koma ndi a galimoto yatsopano, pamsewu wouma, wolimba. Mabuku a Ford a ku Ulaya amalangizanso kuti mukakwera kupitirira mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere muzichotsa 10 pa 100 pa nambala yachiwiri ija pa mamita 1,000 aliwonse owonjezera, chifukwa mpweya ukachepa injini imafooka ndipo siizizira bwino. Likhubula ili pansi, patsinde, ngakhale nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002 pamwamba pa nyanja yamchere. Koma mlendo yemweyo akachoka pano amalowera ku Dedza kapena ku Nyika, kumene langizolo limayamba kugwira ntchito.

Ndipo kukwera si kumene kumapha anthu. Mtsetse wa ku Chikwawa, wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti, wa Chiweta: malo amenewa kalavani imasiya kukokedwa n'kuyamba kukankha. Mabuleki akatentha amasiya kugwira, ndipo matani awiri osamangika kumbuyo sadziwa kuti kutsogolo kuli kona. Kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe tinaonanso mu Malichi 2023, namondwe Freddy atadutsa, kuti msewu wa dzulo ukhoza kukhala mtsinje wa miyala lero. Njira zapambali zimene zimatsegulidwa mlatho ukakokoloka zimakhala zamatope ndi zokumbika, ndipo pamabampu oterowo kulemera kwa pakampira kumamenya chesisi ngati kuti kwawirikiza. Pikiapu za zitseko zinayi zimene zapindika msana pakati pa kabini ndi bodi zimakhala zitakumana ndi zoterezi: katundu wambiri kuseri kwa ekiselo, msewu woipa, ndi liwiro.

Ndiye wofuna kalavani ayambire pa pikiapu yake monga momwe imayendera, osati monga inatulukira kufakitale. Tinene kuti anthu anayi ndi 300, ndipo chivundikiro, filiji, zigubu ndi zida ndi 300 ina. Galimoto yafika 2,800. Pamzere woyamba patsala 400, ndipo pamenepo ndi pamene mphuno ya kalavani iyenera kukwana. Kalavani yothera pa 2,000 kg ingaike cha m'ma 200, zomwe pa ekiselo ya kumbuyo ndi pafupifupi 280. Zonse pamodzi ndi 4,800, kutali ndi 6,000. Wina anganene kuti ndasiya mphamvu yambiri osaigwiritsa ntchito. Inde, ndaisiya dala, ndipo m'misewu yathu sindingalangize munthu kupitirira pamenepo. Masikelo a pamsewu ngati a ku Balaka ndi ku Mwanza anaikidwira malole, koma sikelo iliyonse yoyezera galimoto, ngakhale ya kufakitale kapena kumalo ogulira mbewu, ingakuuzeni zoona mukapempha kuyeza ekiselo iliyonse payokha, kalavani ili yomangirira.

Ambiri sapita kusikelo. Amapita kwa makaniko kuti awonjezere tsamba limodzi kapena awiri pa masipuling'i a kumbuyo. Galimoto imaimadi chilili, magetsi amabwerera pamsewu, ndipo wapolisi wapalodibuloko saona chachilendo. Koma mabuleki ndi omwe aja, mabeling'i a ekiselo ndi omwe aja, chesisi ndi yomwe ija, ndipo 1,850 sinasinthe. Chimene chachoka ndi chizindikiro chokhacho chimene dalaivala akanaona ndi maso. Katundu yense wafikira pa matayala awiri, amene nawonso ali ndi cholembedwa chawo m'mbali: pa tayala la 265/65 R17 la Ranger yotere pamakhala nambala 112, kutanthauza makilogalamu 1,120 likapopedwa mokwanira. Tayala lakaunjika la saizi yomweyo likhoza kukhala ndi nambala yocheperapo, ndipo ogula ambiri amangoyang'ana mapanga ndi mtengo.