Chomangidwa Kuti Chipse: Kasiyamaliro ndi Kachisi wa M'chipululu

Ife ophunzira za Mulungu tidazoloŵera kuyesa luso ndi kukhalitsa kwake. Tchalitchi cha njerwa ndi fano la phingo timaziyamikira chifukwa zidzukulu zidzazipeza. Koma m'midzi ya Acheŵa yotsata mtsinje wa Bua, kuchokera ku Mchinji kudzera ku Kasungu mpaka pamene madziwo athira m'nyanja ku Nkhotakota, chinthu chokongola koposa pa mwambo wa maliro chimapangidwa ndi amisiri odziŵa bwino kuti adzachitentha okha.

Tikunena Kasiyamaliro, chilombo cha Gule Wamkulu. Ku dambwe, pafupi ndi manda, amisiri amapinda nsungwi ndi timitengo, namanga ndi luzi, nalukirapo makoko a chimanga mzere ndi mzere, mpaka patatuluka nyama ya nyanga, ya msana woloŵa pakati. Zipangizo zake zonse nzotsala m'munda ndi kudambo. Usiku ng'oma zikamalira, chimafika pabwalo, chizungulira mofulumira, makoko aja ali mbuu mu mdima, amai akuimba chapatali. Bambo Claude Boucher, amene adayambitsa malo a zaluso a KuNgoni ku Mua mu 1976, adafotokoza kuti chilombochi chikuimira mai wa mtundu wonse: mimba imene imabala mnyamata pa chinamwali ndiyo imalandiranso womwalira, nimperekeza kwa makolo. Mwambo ukatha, chimatenthedwa.

Ena mwa ife tidachiona chilombochi ku nyumba ya Chamare ku Mua, ndipo nkoyenera kuthokoza amene adachisungira ophunzira, makamaka popeza mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu onse. Komabe Kasiyamaliro woima chilili masana ali ngati ng'oma yopachika padenga. Moto uja uli m'kati mwa luso lake: umauza anamfedwa kuti mzimu wafika kwao, maliro atha, abwerere kumunda.

Nzeru imeneyi yatulukiranso kumene sitikadaiyembekeza. Ku chipululu cha Black Rock, ku Nevada m'dziko la America, anthu zikwizikwi amasonkhana chaka ndi chaka pa chikondwerero cha zaluso chotchedwa Burning Man. Mu 2000 mmisiri David Best adamangako kachisi wa zidutswa za matabwa, amene adasanduka malo okumbukira mnzake wina amene adafa pangozi. Kuyambira pamenepo kumanga kachisi kudakhala mwambo. Anthu amalemba maina a akufa ao pa matabwa, nasiyamo zithunzi ndi makalata, ndipo usiku wotsiriza kachisiyo amatenthedwa khamu lonse lili chete. Mu 2015 Best adamanga wina ku Derry, ku Northern Ireland, mzinda umene Akatolika ndi Achiprotestanti adakhala pa udani nthaŵi yaitali, ndipo a mbali zonse adaloŵamo asadamuyatse.

Tisafulumire kuzinyoza zimenezi. Anthu ambiri amene adasiya mapemphero adapeza kumeneko malo olirirapo, ndipo nchamanyazi kwa Mpingo ngati sadaŵapeze kwa ife. Koma tikaziika pamodzi ziŵirizi, kusiyana kukuoneka. Kachisi wa ku Nevada ngwokongola ngati nsalu yoluka, koma sanena kumene wakufa akupita. Aliyense amalira maliro akeake pakati pa alendo, utsi nungokwera. Kasiyamaliro amadziŵa njira, ndipo amene amperekeza ndi mudzi wathunthu wodziŵa dzina la malemuyo ndi mbumba yake. Nayenso ali ndi chilema: amabadwira m'chinsinsi, ndipo mantha amene dambwe limaika pa amai, ana ndi osavinidwa sitingaŵatche abwino. Mikangano ya amishoni ndi a Nyau ku Mua m'zaka za m'ma 1920 idasiya zipsera zimene wansembe wa lero amazipezabe pa maliro.

Nanga Eklezia njachilendo pa zimenezi? Iai. Aisraele adapembedza m'chihema asanamange nyumba ya miyala, ndipo Petro atafuna kumanga misasa paphiri paja, sadaloledwe kukhalitsapo. Kanjedza amene timanyamula mokondwa pa Lamulungu la Kanjedza ndi yemweyo amene timatentha kuti tidzoze pamphumi pa Lachitatu la Phulusa. Kusiyana kwathu nkwakuti ife timaloza ku manda opanda kanthu: amene tamperekeza adzauka.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa maliro a Akhristu athu akulemera simenti. Banja limagulitsa mbuzi ndi mpunga, mwinanso kukongola, kuti ligule bokosi lonyezimira ndi kumanga chiliza choposa cha anansi, ana amasiye alibe fizi. Makolo adalemekeza akufa ndi makoko a chimanga, ndipo ulemuwo udakwana. Sitikunena kuti chilombo chiloŵe m'tchalitchi. Tikunena kuti wansembe wotumidwa ku midzi ya m'mbali mwa Bua ayambe wamvetsa chimene moto uja umanena, kenaka afunse akhristu ake chimene angamange ndi manja ao, pamodzi, mosaboola m'thumba mwa wamasiye, chothandiza olira kulira mokwanira ndi kumtaya mbale wao m'manja mwa Chauta.