Khoma, Utoto ndi Nthawi: Za Zithunzi za Panja

Cha m'chaka cha 600, Papa Gregory Wamkulu analembera Episkopi Serenus wa ku Marseille kumletsa kuphwanya zithunzi za m'tchalitchi, ponena kuti ndizo buku la anthu osadziwa kuwerenga. Ife ansembe timakonda kubwereza ganizoli, koma sitifunsa kawirikawiri kuti buku lotere likaikidwa panja, pa dzuwa ndi mvula, lidzawerengeka zaka zingati.

Pa nkhani imeneyi Mua ndiye mphunzitsi wathu. Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa KuNgoni m'chaka cha 1976, ndipo makoma a kunja a nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare anadzazidwa ndi zithunzi zofotokoza mbiri ya dziko lino. Ubwino wake ndi wakuti munthu amawerenga akuyenda: phazi likasuntha, nkhani nayo yasuntha, monga zimachitikira pa Njira ya Mtanda. Mchewa, Mngoni ndi Myao akuoneka monga eni nkhani, osati okongoletsa m'mphepete. Izi zikugwirizana ndi Msonkhano wa Vatikani Wachiwiri, umene mu 1963 unaphunzitsa kuti Eklezia alibe kajambulidwe kamodzi kokhala kakekake.

Chotidandaulitsa ndi otsanzira. Ambiri atenga maonekedwe a ntchito yotere osalabadira khoma limene akujambulapo. Thomas Aquinas ankati luso ndi nzeru yolongosoka ya kupanga zinthu. Ndiye kuti mmisiri wosadziwa chimene akugwiritsa ntchito sanafike pa luso, ngakhale dzanja lake likhale lofewa chotani. Simenti ili ndi khalidwe lake. Ikakhala yaiwisi imakhala yaukali ngati chidulo, ndipo penti ya mafuta ikapakidwapo, ukaliwo umasandutsa mafutawo kukhala ngati sopo, pentiyo n'kuyamba kumatuka. Pa chifukwa ichi amisiri amadikira masiku osachepera 28 kuti khoma likhwime. Chinyezi chochokera pansi nacho chimakwera m'khoma chitanyamula mchere, n'kukankha utoto kuchokera kumbuyo. Penti yonyezimira, imene makomiti a parishi amaisirira m'sitolo, imatsekera chinyezicho m'kati. Penti yosungunulira ndi madzi ya akiriliki imachilola kutuluka.

Dzuwa nalonso limasankha. Utoto wochokera ku dothi, wofiira ngati katondo, wachikasu ndi wodera, supsa msanga. Wofiira wowala wa mankhwala ndiwo umayamba kusuluka. Apa nkhani yasanduka ya zaumulungu, pakuti chithunzi cha Ambuye wopachikidwa chimene magazi ake ayera mbee patatha zaka zochepa chikuphunzitsa zina zimene wojambula sanafune kunena.

Makolo athu ankazidziwa izi. Ku Chongoni, kumene UNESCO inakuzindikira mu 2006, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala: zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa. Zakhalitsa chifukwa utoto wake ndi wa m'nthaka, ndiponso ojambulawo ankasankha mapanga ndi matanthwe ofungatira, kumene mvula siwomba. Ku Ulaya anafika pa nzeru yofananayo kudzera njira ina. Mu 1878 Adolf Wilhelm Keim analembetsa utoto umene sukhala ngati chikopa pamwamba pa khoma, koma umalowa ndi kumangana nalo. Nyumba ya boma ya ku Schwyz, yojambulidwa mu 1891, ikali ndi zithunzi zake. Utoto wotere ndi wodula ndipo supezeka wamba kwathu kuno, choncho sitiuza parishi ya kumudzi kuti iwufunefune. Koma khonde lalitali, maziko ouma ndi utoto wa dothi, izi parishi iliyonse ingazikwanitse.

Pano pa Neno Boma khoma limakumana ndi nkhungu ya kumapiri ndi mvula yambiri. Kutsikira ku Lisungwi, mdani ndi dzuwa. Boma ndi limodzi koma makoma ake safuna mankhwala amodzi. Amene akufuna kujambula woyera wa parishi yake pakhoma la kunja ayambe waonetsetsa khomalo dzinja lathunthu, adziwe mbali imene imamera ndere ndi imene imapsa masana. Ndipo m'buku la chuma cha parishi mulembedwe ndalama za kukonzanso chithunzicho, pamodzi ndi mtundu wa utoto umene unagwiritsidwa ntchito, kuti bambo mfumu wodzabwera asadzapake penti ya mafuta pamwamba pake.