CV Yathu Imatchula Mudzi, Koma Imabisa Ntchito

Mwezi wathawu namwino wina wachitsikana wa kwathu anabwera kunyumba kwanga ku South Bend atanyamula CV yake. "Anti, ndatumiza malo 14, mpaka ku Indianapolis, koma palibe amene wandiyitana." Nditaiwerenga ndinamva chisoni, chifukwa inali chimodzimodzi ndi imene ndinafika nayo kuno mu 2011.

Masamba anayi athunthu! Loyamba linali ndi chithunzi, tsiku lobadwa, mudzi, T/A, boma, mpingo, ndi zoti ndi wapabanja. Kumudzi timalemba choncho ndipo palibe amadabwa. Kuno olemba ntchito safuna kuziona zimenezi. Lamulo la Civil Rights Act la 1964 limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena dziko lochokera, ndipo lina la 1967 limateteza a zaka 40 kupita m'mwamba. Ukaulula wekha zaka ndi mpingo, wawasenzetsa katundu amene amamuthawa. Imene amaitcha résumé imakhala tsamba limodzi kapena awiri basi.

Koma chondiwawa kwenikweni ndi china. Zaka 6 zimene mtsikanayu anagwira pachipatala cha boma anazipanikiza mumzere umodzi: "general nursing duties". Nditamufunsa, anati anzake anamulangiza kuti za ku Malawi azichepetse, azungu sazidziwa, alembe za u-CNA wa ku nursing home. Malangizo amenewa afala pakati pathu, ndipo ine ndikuwatsutsa.

Inenso ndinawatsatira, ndipo ndinatha zaka zitatu ndikusambitsa nkhalamba, diploma ili m'sutikesi. Ntchito imeneyo ndi yolemekezeka, inandilipirira lendi. Koma ndinali munthu amene usiku wina ndinayang'anira ndekha wodi ya odwala oposa 50, ndinachiritsa amayi oyembekezera magetsi atazima, ndinaika madiripi kwa ana a malungo mitsempha itabisala. Pa CV yanga panalibe chilichonse cha izi. Tinaleredwa kuti kudzitama nkoipa, komatu kunena zimene unachita, ndi manambala ake, si kudzitama. Ndi umboni.

Tsono lembani motere. Pamwamba ikani laisensi. Ngati mwakhoza NCLEX-RN ndipo Indiana State Board of Nursing yakupatsani laisensi, nenani. Ngati simunafike pamenepo, musadzitche RN. Nenani kuti munalembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo tchulani ngati mapepala anu anaunikidwa ndi CGFNS, imene inasintha dzina kukhala TruMerit mu 2025. Kenako ntchito, kuyambira yaposachedwa kubwerera m'mbuyo: wodi yanji, mabedi angati, munayang'anira antchito angati. Zipatala zazikulu zambiri zimayamba zasefa makalata ndi kompyuta, choncho gwiritsani ntchito mawu enieni amene ali pa chilengezo cha ntchitoyo, malinga akhale oona.

Ndiponso tisiye kubwerekana CV imodzi nkumangosintha dzina. Maofesi a WorkOne muno mu Indiana amathandiza kukonza résumé mwaulere. Paja safunsa adadya phula.

Mtsikana uja tinakhala naye mpaka usiku. Masamba anatsala awiri. Mudzi ndi mfumu tinachotsa, koma wodi yake ya ana inatenga theka la tsamba loyamba. Atawerenga anati, "Anti, kodi zonsezi ndinachita ine?" Ndinati eya, mwanawe, unachita iweyo.