Za Nkhokwe za Nzeru m'Sukulu Zathu Zazikuru

Munthu wocenjera akakolola cimanga saciunjika pabwalo, koma amanga nkhokwe, naimata, naifolera, kuti ciswe ndi mvula zingaononge thukuta lace. Tsono tifunse, abale: kodi sukulu zathu zazikuru, zimene zikolola nzeru caka ndi caka, zamanga nkhokwe zotani?

Ife a ku Mlowe tiyenera kufunsa cotero, pakuti phiri la Khondowe liri pafupi nafe. Pamenepo Dotolo Robert Laws anayamba sukulu ya Overtoun m'caka ca 1894, ndipo m'caka ca 2003 Sinodi ya Livingstonia inatsegulapo yunivesite. Ana athu akwerako ndi ndalama za usipa ndi cinangwa, cifukwa cace mlanduwu uli wathu.

Nzeru iri ya mitundu iwiri. Ina ikhala m'mabuku, ina ikhala m'mitu ya anthu, ndipo yonse iwiri itha kutayika. Ya m'mabuku mdani wace ndi moto. M'caka ca 1919 nyumba ya boma ku Zomba inapsa, ndi makalata ambiri a zaka zoyamba za boma anapsera momwemo. Pa 18 December 2015 nyumba ya mabuku ya yunivesite ya Mzuzu inapsanso, nipita ndi mabuku oposa 40,000. Abwenzi a kutali anatumiza ena, ndipo tiwayamika. Koma buku losindikizidwa ligulika kaciwiri, pamene colembedwa kamodzi kokha, cikapsa capsa. Madzi akatayika saoleka.

Nzeru ya m'mutu mdani wace ndi imfa, ndiponso ulesi wa otsala. Mphunzitsi akhoza kuphunzitsa zaka 30, nadziwa njira zonse za nchito yace. Tsiku lopuma amkonzera phwando, nampatsa mphatso, koma palibe wokhala naye pansi kulemba zimene adziwa. Wolowa m'malo mwace ayambanso kulima tsala pamene panali munda.

Akale anatiposa pa ici. Saulos Nyirenda, wophunzira wa Livingstonia, analemba mbiri ya Atumbuka ndi Ahenga, ndipo Mbusa Cullen Young anaisindikiza m'caka ca 1931. Mbusa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni anafunsa nkhalamba za Angoni, nalemba zimene anamva, ndipo buku lace linaturuka m'Cingerezi m'caka ca 1942. Anthu awa analibe kompyuta, anali ndi colembera ndi khama basi. Akadazengereza, nkhalambazo zikadapita nazo kumanda.

Cimene tidandaula nciti tsono? Coyamba, wophunzira aliyense womariza alemba zimene wafufuza, koma zambiri zigona m'makabati, osawerengedwa ngakhale ndi anzace a caka cotsatira. Caciwiri, ofufuza afika m'midzi ya kunyanja kuno kufunsa za nsomba, za mankhwala, za mafumu ndi za madzi a Rukuru, ndipo akuru athu awayankha mwaufulu. Koma zolembedwazo zituruka m'Cingerezi cokha, ndipo sizibwerera kwa eni ace. Cacitatu, makalata ambiri a Misyoni ya Livingstonia asungidwa ku Edinburgh, kumene mwana wa msodzi sangafike. Sitinena kuti osungawo analakwa, pakuti anasunga bwino. Tifunsa cabe kuti sukulu zathu zilimbike kutenga zifaniziro zace.

Ena adzati, "Ndalama palibe." Zoona, nyumba yosapsa ifuna cuma. Koma kukhala pansi ndi mphunzitsi wokalamba masiku atatu sikufuna cuma. Kujambula zolembedwa ndi kuziika m'kompyuta ziwiri, imodzi pano, ina m'mudzi wina, sikuposa mtengo wa phwando limodzi. Ndiponso anthu odziwa nchitoyi alipo, popeza yunivesite ya Mzuzu yomweyo iphunzitsa kasungidwe ka mabuku. Cosowa cacikuru ndi mtima wozindikira kuti nzeru iri cuma ca mtundu wonse.

Ndipo ife a mumpingo tisaloze cala kokha. Mabuku a ubatizo ndi a misonkhano ya akuru a mpingo ali kuti? Kodi denga lace silidontha? Wofufuza akadzafikanso pakhomo panu, mlandireni bwino, mumuuze zimene mudziwa, koma mumpemphe kuti zimene adzalemba atumize kuno m'cinenero cathu, kuti ziwerengedwe pamaso pa amene anazinena.